Mtima Pa Mwendo

Anthu a pa intaneti ankanditchula Manja Okha, ndipo sankanama. M'mavidiyo anga munkaoneka gitala, manja awiri ndi bulangeti lotuwa kumbuyo. Foni ndinkaiika m'nsapato ya mwana wanga pamwamba pa mpando, n'kuipendeketsa mpaka chibwano changa chituluke m'chithunzi, kenako ndinkaimba nyimbo za eni ake, zija achinyamata amati makava. Ena ankalemba kuti ndine wodzichepetsa. Ena ankati mwina nkhopeyo ndi yoopsezera ana. Onsewo ndinkawapatsa kamtima pansi pa komenti yawo, chifukwa wokunyoza nayenso amakhala kuti waonera mpaka kumapeto.

Chifukwa chenicheni chinali bambo a mwana wanga. Ndinawathawa mwanayo asanayambe sukulu, nditanyamula iye, chikwama chimodzi ndi gitala. Mawu omaliza amene ndinamva kwa iwo anali akuti tsiku limene adzandipeze adzatenga mwana, ndipo ine sindidzakhalanso ndi pakamwa podandaulira. Bamboyo sankalankhula zongoopseza. Khoti linawaletsa kundiyandikira, inde, koma khoti silikhala pakhomo pako kumalondera.

Kumene ndinafikira ndinapeza chipinda kuseri kwa shopu yowotcherera mageti. Wowotchererayo anali alandilodi omwewo, bambo wamtima wabwino koma wogontha pang'ono chifukwa cha gilayinda yodulira zitsulo, moti moni wawo unkamveka nyumba zitatu. Ntchito ndinaipeza pa shopu yochapa ndi kusita zovala, kwa mayi wina amene tonse tinkangoti Madamu. Onse awiri atandifunsa za bambo a mwana, ndinayankha zimene mkazi amayankha akafuna kuti nkhani ithe msanga: ali kutali ku ntchito, amabwera mwa apo ndi apo. Kunena zoona kukanafuna kuti ndikhale pansi, ndilire, anthu andimvere chisoni, ndipo ine chisoni cha anthu chimandiyabwa. Amene ankadziwa anali akulu anga ndi aphunzitsi a mwana basi.

Ndinkajambula Lamlungu masana, gilayinda ikapuma. Kujambula nyimbo ndi gitala wopanda magetsi m'chipinda cha lendi ndi ntchito yonyengerera dziko lonse kuti likhale chete. Ndinkapachika bulangeti pakhoma kuti mawu asabwerere, n'kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thaulo, n'kuchotsa batire mu wotchi. Pompi yodontha ya panja ndinkaimanga nsanza. Kapo, kaja kopanira nsambo kuti nyimbo ikwere, ndinalibe. Ndinkamanga pensulo ndi malabala, ndipo pensuloyo nthawi zonse inkakhala ndi mano a mwana wanga, amene ndinamutcha Kachiswe chifukwa amatafuna chilichonse, kaya kolala ya yunifomu, kaya lamba wa chikwama. Kachiswe ankakhala pabedi ndi lonjezo la bisiketi, akudziletsa kuseka mpaka masaya kutupa. Ndikangomaliza nyimbo ankaphulika, ndipo kuphulikako ndinkakudula ndisanaponye vidiyo pa intaneti.

Vidiyo iliyonse ndinkaisankha ngati mpunga wa miyala. Ndinkaiimitsa, kuikulitsa, kuyang'ana ngati pamimba pa gitala pakunyezimira windo, ngati m'mphepete mwalowa kalendala kapena baji ya sukulu. Za mawu anga sindinkada nazo nkhawa kwenikweni. Kunyumba kuja ndinkaimba mobisa, ndi kamawu ka m'mphuno, pamene m'mavidiyo ndinkaimba motsitsa, ndi mawu a pachifuwa amene bamboyo sanawamvepo. Komanso ondionera anali ochepa, oti akhoza kukwera basi imodzi mipando n'kutsala.

Ndiye wina anapempha nyimbo yakale, ija amayi athu ankaimba pochapa. Kolasi yake imati mtima wanga uli pa ulendo. Ine kuyambira ndili kamwana ndinkamva kuti mtima wanga uli pa mwendo, ndipo sindinkaona chachilendo, poti akuluakulu amaimba zambiri zosamveka. Nditakula ndinawadziwa mawu enieni, koma lilime lili ndi mutu wakewake. Pojambula, kolasi yoyamba ndinaimba bwino, yachiwiri bwino, koma yomaliza, nyimbo itandilowa ndipo maso nditatseka, lilime linabwerera kwawo. Ndinafufuza windo, ndinafufuza baji, ndinamvera ndi mahedifoni ngati Kachiswe sanatsokomole. Mwendowo sindinaumve, chifukwa kwa khutu langa panalibe cholakwika. Ndinaponya.

Pofika pakati pa sabata foni inkangonjenjemera m'thumba. Wina anali atadula kachidutswa ka mwendo kaja n'kukamwaza paliponse. Anyamata ankadzijambula akuvina atagwira bondo. Mayi wina analemba kuti mtima wa mwamuna wake ulidi pa mwendo, n'chifukwa chake sakhazikika pakhomo. Ena ankabwera kudzaseka koma n'kutsalira kumvera nyimbo zina, n'kumalemba kuti mawu amenewa anali kuti nthawi yonseyi. Ndinanyada, ndisabise. Ndinkasita malaya a anthu ndikumwetulira ndekha ngati wopenga.

Komenti ija ndinaiona pa nthawi ya tiyi, nditakhala pa ndowa yozondotsa kuseri kwa makina ochapira. Akaunti yake inalibe chithunzi, dzina lake manambala okhaokha.

"Mpaka pano simunaphunzirebe, mayi oimba? Khutu lija silinapole?"

Padziko pano munthu mmodzi yekha ndi amene ankanditchula mayi oimba: bambo a Kachiswe. Tsiku lina, kunyumba kuja, ndikutsuka mbale, ndinaimba kolasi yomweyo ndi mwendo womwewo, osadziwa kuti alowa. Anaseka kaye. Anafunsa ngati mtimawo ndimauponda poyenda. Ine ndinaseka nawo, ndipo kuseka kwangako ndi kumene kunawapsetsa mtima. Khutu langa lamanzere linalira mluzu kwa miyezi.

Ndinayang'ana chitseko cha shopu, kenako windo, ngati kuti munthu angatuluke m'foni n'kuima pamsewu. Ndinawaimbira akulu anga ndili pa ndowa pomwepo, makina akuzungulira kumbuyo kwanga kuti Madamu asamve.

"Asisi, andipeza."

"Wafika?"

"Ayi. Alemba pa vidiyo."

Ndinawawerengera. Akulu anga anasiya kalekale kuwapatsa ulemu bamboyo, koma ine pakamwa pankakanabe.

"Fufuta zonse," anatero. "Lero lomwe, usanamalize ngakhale tiyi ukumwayo."

"Ndikafufuta ndiye kuti ndavomera kuti ndine."

"Ndiye umuyankhe kuti bambo mwasochera."

"Ndikayankha adziwa kalembedwe kanga."

"Basi khala chete."

"Aliyense ndimamupatsa kamtima, asisi. Ndikawadumpha okha aona."



"Iwe, ukufuna kumupatsa kamtima munthu amene anakuphulitsa khutu?"

Ndinawapatsa. Kamtima kanafiira pansi pa komenti yawo monga kankafiira pansi pa ya wina aliyense.

Sizinathandize. Masiku otsatira anayamba kuyenda m'mavidiyo anga akale, imodzi imodzi, mosapupuluma, ngati munthu amene akuyendera nyumba yoti agule. Pa ina analemba kuti kumeneko kuli pompi yodontha. Ndinamvera ndi mahedifoni, ndipo inalidi momwemo, patali, tsiku lina nsanza itamasuka. Pa ina analemba kuti aneba anu ndi a zitsulo eti. Ndinafufuza mpaka ndinapeza: kumayambiriro kwenikweni, ndisanagwire nsambo, chitsulo chinagwa kutsogolo kwa alandilodi n'kulira pang'ono. Ine amene ndinkadziona ngati katswiri wosefa phokoso, ndinali nditasiya zonsezo. Anthu ena ankawayankha moseka, kumawatcha wapolisi wa makutu.

Yomwe inandimaliza inali pa nyimbo ina yachikondi, pamene pensulo inkaoneka bwino pakhosi pa gitala.

"Mano amenewo ndi a ndani? Wakula eti."

Kuyambira pamenepo mantha anakhala nane ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Ndinkadziuza kuti akudziwa kuti ndine, koma sakudziwa kumene ndili. Mapompi odontha ali m'tauni iliyonse, owotcherera ali pa kona iliyonse. Ndinkabwereza zimenezi popita ndi Kachiswe kusukulu, lero njira iyi, mawa njira ina, mwana akudandaula kuti tikuzungulira dala. Mwamuna aliyense wamapewa otambalala amene ankayenda patsogolo pathu anali iwo mpaka atatembenuka. Kuntchito ndinawotcha kolala ya malaya a kasitomala chifukwa galimoto inaima pakhomo injini osazimitsa.

Ndinapempha alandilodi kuti andiwotcherere zitsulo pawindo ndi chotsekera china mkati mwa chitseko. Anabwera ndi tepi yawo akuimba mluzu.

"Zitsulo zonsezi, mayi a Kachiswe? Bambo akubwera ndi katundu wodula eti?"

Pamenepo mpamene ndikanalankhula. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma kulankhula ndi alandilodi kumafuna kukuwa, ndipo nkhani yanga sinali yokuwa pabwalo aneba atayanika zovala. Ndinaseka n'kunena kuti akuba achuluka. Anati ayamba sabata yamawa, akamaliza geti ya munthu wina.

Akulu anga ankaimba m'mawa uliwonse ndi funso limodzi, loti ndafufuta kapena ayi. Ndinkayankha kuti kufufuta n'kopanda ntchito, poti kachidutswa kaja kali kale m'mafoni a anthu osawerengeka. Zinali zoona, koma sichinali chifukwa changa. Kunja kwa mavidiyo amenewo ndinali mkazi wothawa, wosita mathalauza a eni ake, woyang'ana kumbuyo pa kona iliyonse. M'mavidiyomo ndinali munthu amene anthu amamupempha nyimbo. Bamboyo anali atanditengera zambiri, ndipo izi ndinkaumirira nazo.

Lamlungu ndinapachika bulangeti monga mwa masiku onse. Pensulo ndinagula yatsopano, yopanda dzino. Ndinachuna gitala, ndinadina kabatani kofiira kojambulira, koma zala zinakana kukanikiza nsambo mpaka pansi, ndipo nsambo iliyonse inkangolira ngati ntchentche ya m'botolo. Ndikatsegula pakamwa ndinkaona bamboyo atakhala penapake ndi foni kukhutu, akumvera kupuma kwanga. Ndinayesa, ndinayesanso, kenako ndinamuimika gitala pakona.

"Ndiye bisiketi palibe?" anafunsa Kachiswe.

Ndinamupatsa paketi yonse. Anandiyang'ana mokayikira, poti mayi ake sakhala owolowa manja popanda chifukwa.

Lolemba ndinalowa mu shopu n'kupeza Madamu ataima pakati, manja m'chiuno, akumwetulira mpaka mano a m'mbali. Madamu ndi munthu amene chimwemwe chake chimafuna mboni. Akagula nsapato, makasitomala onse amadziwa sayizi.

"Tabwera kuno, Manja Okha."

Chikwama chinandipulumuka.

"Umaganiza kuti ungandibisire ine? Mdzukulu wanga wandionetsa dzulo, akuti agogo onani mayi wa mtima pa mwendo. Ndangoona chipsera cha simbi padzanja ndati uyu ndi wanga uyu. Manja amenewa ndimawaona tsiku lonse pa malaya a anthu, ndingawasokoneze?"

"Madamu, chonde, musauze munthu."

"Manyazi a chiyani? Mphatso sabisa. Ndalemba kale dzulo lomwelo kuti anthu adziwe kuti ndiwe wathu. Uona makasitomala mmene abwerere."

Ndinatulutsa foni. Komenti yawo inali pamwamba penipeni, anthu ataikonda kwambiri. Inati woimba ameneyu ndi mwana wathu, amasita pa shopu yathu, bwerani mudzachapitse mumuone ndi maso. Sanalembe ndi akaunti yawo ayi. Analemba ndi akaunti ya shopu, ija ili ndi chithunzi cha chikwangwani, nambala ya foni, dzina la msewu ndi kamapu kolozera pakhomo. Pansi pake panali mayankho ambiri, ndipo pakati pawo panali la akaunti ya manambala, lolembedwa dzulo lomwelo.

"Zikomo mayi. Tibweretsa zochapa."

Kuchokera kumene ndinathawa, basi yonyamuka m'mawa imafika dzuwa lisanafike pamutu. Ndinayang'ana panja. Mithunzi inali itayamba kale kufupika.

"Madamu, munthu wina akabwera kudzandifuna..."

"Timuuza adikire pamzere, katswiri ali pa simbi," anatero akuseka. Nthawi yomweyo panalowa kasitomala atasenza makatani a nyumba yonse, ndipo Madamu anatembenukira kwa iye n'kuyamba kumufotokozera kuti pa shopu pano pali munthu wotchuka.

Chiganizo chimodzi chikanakwana, choti bambo a mwana ndi munthu woopsa, musawalozere kwathu. Koma mantha salankhula ziganizo. M'mutu mwanga munali geti ya sukulu yokha. Ndinatulukira khomo la kumbuyo, pakati pa mashiti oyanika, epuloni ndisanavule.

Ndinathamanga mpaka m'nthiti munabaya. Aphunzitsi atangondiona pakhomo pa kalasi sanafunse kanthu. Anapita pa desiki ya Kachiswe, n'kumulongedzera okha mabuku, n'kumubweretsa atamugwira dzanja.

"Sanabwere munthu," anandinong'oneza. "Tulukirani kogwetsera zinyalala, kumeneko sikuoneka kumsewu."

Tili panja ndinawaimbira akulu anga. Sanandikalipire, ndipo kusakalipa kwawoko kunandiopsa kuposa chilichonse.

"Usapite kunyumba. Wamva? Pita pa depoti, ukwere basi yobwera kwa ine. Ine ndikuimbira apolisi apite ku shopu ndi kunyumba kwakoko."

"Mapepala a mwana ali m'nyumba, asisi. Ndi gitala."

"Ndati usapite kunyumba."

Titazungulira njira ya kuseri, pa mphambano Kachiswe anakokera kumanzere, njira ya kwathu, poti miyendo yake inkadziwa. Denga la shopu ya alandilodi linkaoneka kuchokera pamenepo. Kulowa, kutenga, kutuluka, zikanatenga nthawi yochepa kwambiri, ndipo ndinaima ndithu n'kuyeza. Kenako ndinamukokera kumanja.

"Tikupita kuti, amayi?"

"Kwa anti ako."

"Lero si Loweruka."

"Akusowa. Tiye."

Basi tinaipeza, koma inali ndi anthu ochepa, ndipo basi ya pa depoti sinyamuka isanadzaze ngakhale utafera momwemo. Ndinasankha mpando wa kumbuyo, mbali ya kukhoma, n'kumugoneka Kachiswe pamiyendo panga kuti mutu wake usaoneke pawindo. Pafupi nane panakhala mayi wina wonenepa atafungata beseni la tomato. Ndinkayang'ana mipando yopanda anthu ndi chidani. Aliyense wodutsa osakwera ndinkamutukwana mumtima.

Foni inalira. Anali alandilodi.

"Mayi a Kachiswe, uthenga wabwino," anakuwa. "Bambo afika. Madamu anu ndi amene awalozera. Ndawatsegulira ndi kiyi wanga kuti asapse ndi dzuwa panja."



"Ali pomwepo?"

"Ali pompano, akumwetulira. Munthu waulemu kwabasi. Akuti musavutike, inu malizani ntchito, mwana akamutenga okha kusukulu. Ndimati ndiwalozere njira."

Njira yochokera kwathu kupita kusukulu imadutsa pa depoti, m'mbali mwenimweni mwa basi imene tinakhalamo. Akanangotuluka m'chipindamo, akanadutsa pafupi moti ndikanamva fungo la sopo wawo. Basi inali isanadzaze.

Sindikudziwa kumene ndinawatenga mawu amene ndinatulutsa. Anali osalala, a mkazi amene mwamuna wake wabwera ku ulendo.

"Ayi, asavutike, bambo. Mwana ndamutenga kale. Auzeni akhale apume, tikubwera. Tangodutsa pa golosale."

"Eya, lankhulani nawo nokha."

Panamveka kukhwekhwereza, kenako chitseko changa chikutsekedwa. Ndimachidziwa kulira kwake. Phokoso la panja la alandilodi linazimiririka.

"Mayi oimba."

Zaka zonsezi mawuwo anali asanasinthe ngakhale pang'ono. Khutu lamanzere linayamba kulira lokha.

"Mwayenda bwanji?" ndinatero.

"Kanyumba kabwino. Bulangeti ndaliona. Nsapato yoikamo foni ndaiona." Anapuma. "Ndikumva mahutala. Uli kuti?"

"Pamsewu. Pa golosale."

"Mpatse mwana foni."

"Ali mkati, akusankha switi."

Kachiswe anadzutsa mutu kuti atsutse, poti mwana wanga bodza salilola lidutse. Ndinamukanikiza nkhope pa epuloni. Mayi wa tomato anayang'ana dzanja langa, anayang'ana nkhope yanga, ndipo sanafunikire kuuzidwa. Kondakitala anali atakoka mpweya pakhomo kuti aitanire anthu, kutchula kumene basi ikupita. Mayiyo anatambasula mkono, anamugwira malaya, n'kuika chala pakamwa. Mnyamatayo anafuna kulalata, koma ataona mmene mayiyo ankamuyang'anira anatsika n'kukaitanira chapatali.

"Golosale yake ili kuti? Ndibwere ndikuthandize kunyamula."

"Ayi, ndi pafupi. Khalani."

"Ndakhala nthawi yaitali, iwe. Ndikubwera."

Ndinamva bedi langa likulira, munthu akudzuka. Pakhomo pa basi pankakwera agogo ena, mwendo umodzi kaye, kupuma, kenako winawo. Mipando iwiri inali ikadali yopanda anthu. Ndinafufuza m'mutu mwanga chinthu choti chiwagwire m'chipindamo, ndipo chinalipo chimodzi chokha. Ndinkawadziwa bamboyo. Chinthu ukachipempherera kuti asachikhudze, sangachisiye.

"Chonde," ndinatero, "chilichonse chitani, koma gitala yekhayo musamugwire."

Kenako mapazi anabwerera. Ndinamva mimba ya gitala ikugunda pakhoma pamene ankamunyamula pakona, ndipo bedi linaliranso.

"Uyu? Amene wakutchukitsayu?"

Chala chinadutsa pa nsambo zonse. Anali akadali wochunidwa bwino kuchokera dzulo lake. Kenako nsambo yaing'ono, yam'munsi, inayamba kukwera. Ankapotokola kochunira pang'onopang'ono, akuikodola kuti ndimve, ndipo inakwera, inakwera, mpaka inalira ngati mwana wa mphaka. Inaduka. M'foni kunamveka ngati mbama.

"Chonde musatero."

"Fulumira ndiye. Zatsala zisanu."

Ndinachonderera. Ndinawakumbutsa kuti gitalayo anali wa malemu achimwene anga. Ndinati ndikupepesa, ndinalakwa kuthawa, tikambirana ngati anthu. Mawu onse amene ndinalumbira kuti sindidzawanenanso ndinawanena, pamaso pa basi yonse, mwana wanga akumva ndi khutu limene linali pamwendo panga. Yachiwiri inaduka. Panakwera mnyamata wa yunifomu ya ulonda n'kukhala. Yachitatu inachedwa, inakana kaye, ndipo ndinaithokoza mumtima. Mayi wa tomato anasuntha beseni lake kuchoka pamiyendo n'kuliika pa mpando womaliza uja, kenako anamenya denga la basi ndi chikhatho. Dalaivala anayang'ana pagalasi, anaona nkhope yanga, n'kuliza injini.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Lole ikudutsa," ndinatero, n'kukanikiza foni pachifuwa mpaka injini itakhazikika. Nditaibwezera kukhutu, yachinayi inali itaduka kale, ndipo ankaseka.

Basi inatuluka m'depoti mwaulesi, n'kulowa msewu uja wodutsa pa mphambano ya kwathu. Ndinatsetsereka pampando mpaka maso okha ndi amene anatsala pawindo. Ndinaona alandilodi ataima pakhomo pa shopu yawo, magalasi akuda ali pachipumi, akupukuta manja, akudikira foni yawo ndi nkhope ya munthu amene wachita chinthu chabwino. Kuseri kwawo kunali kakhomo kanga, kotseka. Galimoto ya apolisi sindinaione.

Yachisanu inaduka, panatsala nsambo yaikulu, yam'mwamba, imene ndimayambira nayo nyimbo iliyonse. Nsambo imeneyo siduka msanga. Ndinaimva ikukwera kuchokera pansi, ikubuula, thabwa la gitala likulira nayo limodzi. Apa sindinkanamiziranso. Ndinkalira zenizeni, ndi mamina omwe, ndipo zinathandiza, chifukwa bamboyo sachoka pamalo pamene munthu akulira.

Tinadutsa mphambano. Tinadutsa mashopu omaliza. Nyumba zinayamba kutalikirana, ine ndikuchondererabe, ndipo iwo akupotokolabe pang'onopang'ono kuti zisathe msanga.